Nehemiya, Kapitao wa Linga la Yerusalemu

Phunziro la aphunzitsi, akulu a mpingo ndi onse otsogolera nchito za pa parishi

Palibe parishi imene ilibe nchito yogwirira pamodzi. Kwina Akristu aumba njerwa za tchalitchi, kwina akuza sukulu, kwina amangira mphunzitsi nyumba kapena akumba chitsime. Nchito zimenezi ziyamba ndi nthungululu, koma si zonse zifika pa denga. Woyenda m'midzi angathe kuona khoma lolekeza m'mazenera limene lapirira mvula zitatu, udzu utamera pamwamba pake, ndipo pambali pali uvuni wa njerwa umene unka nuchepa usiku ndi usiku popanda wodziwa kumene njerwazo zilowera. Eni ake akafunsidwa ayankha kuti ndalama zidatha. Kawirikawiri chimene chidayamba kutha ndi mtima wa anthu, ndipo mtima wa anthu ukatha pa nchito yotere, woyamba kufunsidwa ndi amene adali patsogolo.

Malembo Oyera asunga mbiri ya munthu wina amene adatsogolera nchito yamtundu umenewu naifikitsa pamapeto. Munthuyo ndi Nehemiya. Sadali wansembe, sadali mneneri, ngakhale mmisiri wa miyala. Adali munthu wamba woopa Mulungu, wogwira nchito kwa mfumu yachilendo. Mbiri yake ili m'buku lotchedwa dzina lake, limene mabuku akale a Chikatolika ankalitcha Buku Lachiwiri la Ezara, ndipo mbali yaikulu ya bukulo afotokoza ndi mwini wake. Mphunzitsi amene wapatsidwa udindo woyang'anira zomanga achita bwino kuliwerenga lonse, pakuti lili ndi mitu 13 yokha, asanaitane anthu kukaponda dothi.

Mzinda wopanda linga

Chaka cha 587 Ambuye Yezu asanabadwe, ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babiloni, adagumula malinga a Yerusalemu, natentha Nyumba ya Mulungu, natenga anthu ambiri ukapolo. Chaka cha 538 Kirusi, mfumu ya ku Persiya, atagonjetsa Babiloni, adalola Ayuda kubwerera kwao. Obwererawo adamanganso Nyumba ya Mulungu naitsiriza chaka cha 515, koma mzinda udakhalabe pamtetete. Masiku amenewo mzinda wopanda linga udali ngati khola lopanda chitseko, ndipo mitundu yoyandikana nao inkawapeputsa Ayuda. Nthawi ina iwo adayesa kumanga, koma adani ao adalembera kalata mfumu Aritasasta kuti mzindawo ngwoukira chiyambire kale, ndipo mfumu idalamula kuti nchitoyo ileke. Zimenezi zipezeka m'mutu 4 wa Buku la Ezara.

Nehemiya adali woperekera chikho wa mfumu yomweyo, imene mabuku a mbiri aitchula Artaxerxes woyamba, ku likulu la Susa, m'dziko limene lero litchedwa Iran. Udindo umenewu sudali waung'ono, pakuti mfumu yoopa chiphe silandira chakumwa m'manja mwa munthu wosamkhulupirira. Chaka cha 20 cha ufumu wa Aritasasta, ndicho cha m'ma 445, Hanani, mbale wake wa Nehemiya, adafika kuchokera ku Yuda namsimbira za manyazi a anthu otsala ndi za zipata zopserera. Nehemiya adalira, nasala zakudya, napemphera. Umenewo udali mwezi wa Kisilevi, cha m'Novembala kapena Disembala. Tsono kwa mfumu adakalankhula mwezi wa Nisani, cha m'Malichi kapena Epulo. Pakati pake padapita miyezi inai.

Zimene ankachita m'miyezi imeneyo zidaonekera tsiku limene mfumu idamfunsa chifukwa cha nkhope yake yakugwa. Iye adachita mantha kwambiri, popeza ankati apemphe mfumu kuti isinthe lamulo lake lomwe. Sadayambe ndi dzina la mzinda woneneredwa uja. Adanena za mzinda umene muli manda a makolo ake, nkhani imene ngakhale mfumu yachikunja singainyoze. Mfumu, mfumukazi ili pambali pake, idafunsa kutalika kwa ulendo ndi nthawi yobwerera, ndipo Nehemiya adali nalo yankho. Adapemphanso makalata opita kwa abwanamkubwa a kutsidya kwa mtsinje wa Yufurate kuti amlole kudutsa, ndi ina yopita kwa Asafu, wosunga nkhalango ya mfumu, kuti ampatse mitengo ya zipata, ya linga ndi ya nyumba yoti akakhalemo. Munthu wodziwa ngakhale dzina la wosunga nkhalango ndiye kuti adafufuza kale.

Pamenepa ndi pamene nchito zambiri zifera zisanabadwe. Mkulu wa mpingo apita kwa Bambo Mfumu kukapempha chithandizo cha denga. Afunsidwa kuti malata angati, a utali wotani, misomali yochuluka bwanji, mitengo ya phaso idzachokera kuti, mmisiri wati amlipire zingati. Iye ayankha kuti zidzaoneka m'tsogolo. Wansembe amene ali ndi matchalitchi ambirimbiri a kumidzi, onse opempha, sangapereke simenti kwa munthu woyankha chotero, ndipo salakwa. Kupemphera ndi kuwerengera sizitsutsana ai. Nehemiya yemweyo amene adawerengera mitengo adapemphera chamumtima pakati pa funso la mfumu ndi yankho lake.

Ulendo wa usiku

Atafika ku Yerusalemu, operekezedwa ndi asilikali a pa akavalo, adakhala masiku atatu osauza munthu chimene adadzera. Pambuyo pake adadzuka usiku ndi anthu owerengeka, ali ndi nyama imodzi yokha imene adakwerapo, natulukira pa Chipata cha ku Chigwa, nazungulira cha ku Chipata cha Zinyalala ndi Chipata cha Kasupe, kuyang'anitsitsa linga logumuka. Adafika pena pamene nyamayo idasowa popita chifukwa cha miyala yogumuka. Iye adapitirira ndithu m'chigwa mpaka ataona zimene ankafuna kuona, nabwerera njira ya ku chipata chimene adatulukira.

Ofukula zakale adaiona miyala imeneyi. Kathleen Kenyon, mai wa ku England amene adakumba ku Yerusalemu kuyambira 1961 mpaka 1967, adapeza kuti kumatsitso a kum'mawa kwa mzinda wakale kudakokoloka miyala yosaneneka, ndipo iye adagamula kuti Nehemiya adasiya malire akale a kumunsi namanga linga la mbali imeneyo pamwamba pa chitunda. Ngati zidatero, ulendo wa usiku uja udabala chinthu chofuna mtima wolimba: kuvomera kuti mzinda ukhale wochepa kuposa wa makolo, bola linga lithe. Atsogoleri ambiri alephera pamenepa. Akumba maziko a tchalitchi lolingana ndi la ku parishi pofuna kuposa a mudzi woyandikana nao, pamene anthu ao ndi mabanja owerengeka. Njerwa zithera m'maziko, ndipo ana abatizidwa pansi pa mtengo zaka khumi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ataona zonse, Nehemiya adasonkhanitsa ansembe, akuluakulu ndi anthu. Mau ake adali ochepa. Sadawadzudzule kuti akhala chete zaka zoposa makumi asanu ndi anai chibwerere ku ukapolo, chinkana mlendo wochokera ku nyumba ya mfumu akadatha kutero. Adadziwerengera yekha pakati pa ochita manyaziwo, nawauza za chithandizo cha Mulungu ndi za chilolezo cha mfumu chimene chidali kale m'manja, ndipo anthu eni ake ndiwo adati ayambe.

Yense ndime yake

Mutu 3 wa bukuli ambiri aulumpha, popeza ndi maina okhaokha ovuta kutchula. Komatu kwa wotsogolera nchito, mutu umenewu ndiye nkhokwe. Uonetsa kuti linga lidagawidwa ndime pafupifupi 40, ndipo ndime iliyonse idali ndi mwini wake wodziwika ndi dzina, poyambira pake ndi polekezera pake. Mkulu wa ansembe Eliyasibu ndi ansembe anzake ndiwo adayamba, pa Chipata cha Nkhosa. Pafupi nao padali anthu a ku Yeriko. Osula golide ndi opanga zonunkhira, anthu amene manja ao sadazolowere miyala, adalandira ndime zao. Salumu, wolamulira theka la chigawo cha Yerusalemu, adamanga pamodzi ndi ana ake aakazi. Chipata cha Zinyalala, chimene wina aliyense akadachikana, adachikonza ndi Malikiya, wolamulira chigawo chathunthu.

Ambiri adapatsidwa ndime yopenyana ndi nyumba zao. Nzeru yake njoonekeratu: munthu womanga linga limene lidzatchinjiriza ana ake safuna kapitao womuima kumbuyo, sataya nthawi panjira, ndipo akamanga mokhota adzakhala akuona manyazi ake m'mawa uliwonse. Chiyambire zaka za m'ma 1970, pamene Aepiskopi a chigawo chino cha Afrika adakhazikitsa miphakati kuti ikhale maziko a moyo wa Eklezia, parishi iliyonse ili nayo kale njira yogawira ndime. Mphakati wakuti uumbe njerwa zakuti pofika tsiku lakuti. Wina utute mchenga. Wina udule nkhuni zootchera uvuni. Nchito imene yangolengezedwa pambuyo pa Misa kuti onse abwere Lachitatu ilibe mwini, ndipo Lachitatulo adzapezekapo ndi amai asanu okhaokha amene apezeka paliponse.

Ndimezo sizidali zolingana. Hanuni ndi anthu a ku Zanowa adakonza chipata ndi linga la mikono 1,000, pafupifupi theka la kilomita, pamene wina adangokonza popenyana ndi chipinda chake. Kuyenera kuti pena linga lidagumuka pang'ono, pena lidatheratu, ndipo magulu adasiyana kukula. Kugawa mwachilungamo si kupatsa onse muyeso umodzi. Mphakati wodzala ndi nkhalamba ndi amai amasiye ukapatsidwa njerwa zolingana ndi za mphakati wa anyamata, ulephera, uchita manyazi, ndipo chaka chamawa subweranso.

Pali chiganizo chimodzi chowawa m'mndandandamo. Anthu a ku Tekowa adagwira nchito, koma akuluakulu ao adakana kuweramira nchitoyo. Nehemiya adalemba zimenezi mwachidule napitirira. Sadaimitse linga kuti azenge mlandu wa anthu onyada, sadalange mudzi wonse chifukwa cha atsogoleri ake. Ndipo chakumapeto kwa mutuwo anthu a ku Tekowa omwewo apezeka atatenga ndime yachiwiri. Chinanso: Nehemiya sadadzilembe yekha pakati pa eni ndime. Nchito yake idali kuzungulira ndime zonse ndi kuona kuti pamene wina walekeza mnzake wayambira pomwepo, pakuti linga lokhala ndi mpata umodzi lili ngati lopanda pake lonse.

Linga litafika pakati

Adani adalipo atatu odziwika: Sanibalati, Tobiya wa ku Amoni ndi Gesemu Mwarabu. Sanibalati atchulidwanso m'kalata yakale ya chaka cha 407 imene idapezeka ku Elephantine, m'dziko la Ejipito, monga bwanamkubwa wa Samariya. Iwo adayamba ndi chipongwe. Tobiya adafika ponena kuti ngakhale nkhandwe itakwera pa lingalo ligwa. Nehemiya sadabweze mau kwa iwo. Adadandaulira Mulungu, ndipo nchito idapitirira kufikira linga lonse lidalumikizana, litafika theka la msinkhu wake.

Pamenepo ndi pamene padavuta. Adani adapangana zodzachita nkhondo, ndipo anthu a ku Yuda eni ake adayamba kudandaula kuti mphamvu za onyamula zatha, zogumuka zachuluka, sangathe kumaliza. Aliyense amene adayang'anirapo zomanga adziwa nthawi imeneyi. Chisangalalo cha poyamba chapita, mapeto sanaoneke, ndipo mulu wa nchito yotsala uoneka waukulu kuposa tsiku loyamba. Kapitao wopanda nzeru apa ayamba kukalipa. Nehemiya adaimitsa nchito kanthawi, naika anthu m'malo otsika a linga, banja ndi banja, ali ndi malupanga, mikondo ndi mauta, nawakumbutsa za Mulungu ndi za ana ao, akazi ao ndi nyumba zao. Adani ataona kuti chiwembu chao chadziwika adabwerera m'mbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo adasintha kagwiridwe ka nchito. Theka la anyamata ake lidagwira zida pamene theka linali kumanga. Omanga adamangirira lupanga m'chiuno. A m'midzi yozungulira adawauza kuti azigona mumzinda. Popeza anthu adali otalikirana pa linga, iye adaika woliza lipenga pambali pake, nawauza kuti kumene amve lipenga athamangire komweko. Lipenga lidali limodzi. Pa nchito ya parishi mau okhudza tsiku, ndalama kapena kusintha kwa pulani ayenera kutuluka pakamwa pamodzi ndi pa nthawi yodziwika; akatuluka kwa wapampando, kwa mlembi, kwa mmisiri ndi kwa mkazi wa msungichuma, aliyense mwa njira yake, anthu asankha amene awakomera kapena akhala kunyumba. Nchito inkayamba mbandakucha mpaka nyenyezi zitaoneka, ndipo Nehemiya, abale ake ndi alonda ake ankagona osavula.

Kulira kwa amphawi

Choopsa chachikulu sichidachokere kwa Sanibalati. Nchito ili mkati, anthu wamba pamodzi ndi akazi ao adadza ndi dandaulo lalikulu, osati pa adani, koma pa Ayuda anzao. Kudali njala. Ena adapereka chikole minda yao, mipesa ndi nyumba kuti apeze tirigu; ena adakongola ndalama zokhomera msonkho wa mfumu; ena adafika popereka ana ao ukapolo, ndipo analibe chowaombolera popeza minda idali kale m'manja mwa eni ngongole. Lingalo lidamangidwa miyezi imene mphesa ndi nkhuyu zipsa m'dziko limenelo, kotero munthu wosauka amene ankasenza miyala tsiku lonse adali atasiya za kumunda kwake.

Wina akadati nkhani imeneyi siikhudza linga, idikire nchito ithe. Nehemiya adaona kuti imeneyi ndiyo nkhani ya linga, pakuti munthu sangamange ndi mtima wonse pafupi ndi mnzake amene wamlanda munda. Adapsa mtima kwambiri, koma buku linena kuti adayamba waganiza yekha asanalankhule. Kenaka adadzudzula akuluakulu maso ndi maso, naitanitsa msonkhano waukulu, ndipo pamaso pa onse adaulula kuti iyenso, abale ake ndi anyamata ake adakongoza anthu ndalama ndi tirigu. Pokhala atadziika yekha m'mlandumo, adatha kupempha kuti minda, mipesa, mitengo ya olivi ndi nyumba zibwezedwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi chiongoladzanja. Akuluakulu atavomera, sadakhutire ndi mau okha. Adaitana ansembe nawalumbiritsa, nakutumula chovala chake kusonyeza zimene zidzagwera wophwanya lonjezo.

Mtsogoleri wa nchito ya mpingo ayenera kudziwa mtengo umene anthu ake alipira. Mai wamasiye amene watunga madzi a dothi masiku atatu wapereka zambiri kuposa wamalonda amene watumiza thumba la simenti. Nthawi yabwino youmba njerwa ndi anthu atakolola, chilimwe chisanathe. Woitana anthu ku tchalitchi m'Januwale, udzu uli kudya chimanga ndipo nkhokwe zili pululu, aika Akristu pakati pa Mulungu ndi ana ao anjala, chinthu chimene Mulungu sadapemphe. Akulu a dziko lino akumbukira mau akuti thangata, amene poyamba adali kuthandizana kwa pachibale, koma pa minda ya atsamunda adasanduka dzina la nchito yokakamiza. Nchito ya mpingo nayo ingasanduke chotero. Faindi yolemera kwa olephera kubwera, ndiponso kuopseza mmphawi kuti mpingo sudzaimba pa maliro ake chifukwa sadasonkhe ya malata, zingathe kukweza khoma, koma m'tchalitchi lotero ena alowamo ndi chilonda chimene sichipola.

Nehemiya adakhala bwanamkubwa wa Yuda zaka 12, kuyambira chaka cha 20 mpaka cha 32 cha Aritasasta. Abwanamkubwa akale ankalemetsa anthu powatengera chakudya, vinyo ndi masekeli 40 asiliva, ndipo ngakhale anyamata ao ankavuta anthu. Iye sadalandire chakudya cha ubwanamkubwa, sadagule munda, ndipo anyamata ake adawatuma ku linga. Pakhomo pake pankadya anthu 150, osawerengera alendo. Tsiku lililonse ankapha ng'ombe imodzi, nkhosa zisanu ndi imodzi ndi mbalame zoweta. Apa pafunika kusamala. Nehemiya adali wachuma, ndipo mphunzitsi wa kumudzi sali chotero. Chitsanzo chimenechi sichipatsa parishi danga lomana mphunzitsi kapena mmisiri zimene adapangana. Chimene chitsanzochi chifuna ndi chakuti manja a mtsogoleri aoneke poyera. Ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, zilembedwe m'buku, ndipo bukulo liwerengedwe pamaso pa mpingo mwezi ndi mwezi, anthu asanafunse. Wapampando amene afolera nyumba yake ndi malata chaka chomwe tchalitchi lasowa malata, ngakhale adagula ndi ndalama za fodya wake, asadabwe akamva zimene zinenedwa kuchitsime.

Misonkhano, mphekesera ndi chibale

Mipata yonse itatsekedwa, zitseko zokha zitatsala, Sanibalati ndi Gesemu adatumiza mau oitana Nehemiya kuti akakambirane m'chigwa cha Ono. Iye adazindikira kuti afuna kumchita choipa, nayankha kuti nchito imene ali nayo siimlola kuchoka. Adamuitana kanai, ndipo kanai konse yankho lidali lomwelo. Kachisanu adatumiza kalata yosamata, kuti aliyense panjira awerenge, yonena kuti Nehemiya afuna kuukira mfumu ndi kudzilonga ufumu. Bodza limeneli likadatha kumphetsa. Iye adalikana ndi mau ochepa, napempha Mulungu mphamvu, nabwerera ku zitseko. Pambuyo pake munthu wina, dzina lake Semaya, wolembedwa ganyu ndi adani, adamlangiza ngati mneneri kuti akabisale m'Nyumba ya Mulungu; Nehemiya adakana, poona kuti mtsogoleri wothawa sangauze anthu ake kuti alimbe, ndiponso kuti iye, wosakhala wansembe, akadachimwa polowa kumeneko. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chovuta china chidali cha pachibale. Tobiya adakwatira m'banja la Chiyuda, ndipo mwana wake adakwatira mwana wa Mesulamu, mwana wa Berekiya. Akuluakulu ambiri a ku Yuda ankalemberana makalata ndi Tobiya, kumuyamikira pamaso pa Nehemiya ndi kukamuuza zonse zimene Nehemiya wanena. Tsono Mesulamu yemweyo apezeka kawiri m'mndandanda wa omanga. Nehemiya sadamchotse pa linga chifukwa cha sewere wake. Kumudzi, kumene aliyense ndi mlamu kapena msuweni wa wina, mtsogoleri wofuna kugwira nchito ndi anthu okhawo amene sagwirizana ndi omutsutsa adzatsala yekha ndi chikombole chake. Adziwe chabe kuti zonena zake zifika kutali, ndipo asanene mseri zimene sangathe kunena pabwalo.

Linga lidatha tsiku la 25 la mwezi wa Eluli, patapita masiku 52. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus, amene adakhala zaka mazana asanu pambuyo pake, adalemba kuti nchitoyo idatenga zaka ziwiri ndi miyezi inai. Masiku 52 a m'Malembo sayenera kudabwitsa kwambiri poganizira kuti mzinda udali waung'ono, miyala idali pomwepo, mbali zina ankangokonza, ndipo magulu onse ankamanga nthawi imodzi.

Nchito itatha

Zitseko zitaikidwa, Nehemiya sadaumirire makiyi. Adapereka mzinda m'manja mwa mbale wake Hanani ndi Hananiya, mkulu wa linga la asilikali, ndipo chifukwa chimene adasankhira Hananiya chalembedwa: adali wokhulupirika ndi woopa Mulungu kuposa ambiri. Adawasiyira malamulo omveka a nthawi yotsekulira ndi yotsekera zipata, ndi a kaikidwe ka alonda. Popeza mzinda udali ndi anthu ochepa, adachita maere kuti mmodzi mwa anthu khumi adzakhale m'Yerusalemu. Pa tsiku lopereka linga kwa Mulungu, magulu awiri a oimba adayenda pamwamba pake, lina kudzera uku lina uko, nakakumana ku Nyumba ya Mulungu. Linga limene ankati lingagwe ndi nkhandwe lidasenza anthu onsewo.

Buku silithera pa chikondwerero chimenechi. Chaka cha 32 cha Aritasasta, Nehemiya adabwerera kwa mfumu, ndipo atapita nthawi adapemphanso chilolezo nabwera ku Yerusalemu. Adapeza kuti wansembe Eliyasibu, woyang'anira zipinda zosungiramo, wapatsa Tobiya chipinda chachikulu m'bwalo la Nyumba ya Mulungu, mmene kale ankasungamo zopereka, lubani ndi ziwiya. Alevi ndi oimba, posalandira magawo ao, adali atabwerera kuminda kwao. Amalonda a ku Tiro ankagulitsa nsomba pa Sabata mkati mwa zipata zomwe zija. Nehemiya adatayira kunja katundu wa Tobiya, nayeretsa zipinda, nabweza Alevi pa nchito yao. Ukali wake pa nthawi imeneyi udafika pomenya ena ndi kuwazula tsitsi pa mlandu wa maukwati ndi akazi achilendo. Malembo asimba zimenezi monga zidachitikira, ndipo mphunzitsi asazitenge ngati chilolezo.

Chimene angatengere ndi kakonzedwe ka nkhokwe. Tchalitchi likatha, komiti yomanga ibalalika, ndipo simenti yotsala, mafosholo, wilibala ndi buku la ndalama zikhala kwa munthu mmodzi amene palibe womufunsa. Denga likayamba kudontha palibe wodziwa kuti ndi nchito ya yani. Nehemiya ataona zimene zidachitika zipinda zili m'manja mwa munthu mmodzi, sadaikenso mmodzi. Adasankha anai a maudindo osiyana: Selemiya wansembe, Zadoki mlembi, Pedaya wa mwa Alevi, ndi Hanani wina, mwana wa Zakuri, kuti aziwathandiza. Onsewa anthu ankawadziwa kuti ngokhulupirika, ndipo nchito yao idali kulandira chakhumi cha tirigu, vinyo ndi mafuta, ndi kugawira abale ao.